Engine, Ladder, Rescue, Tanker: magalimoto ozimitsa moto amasiyana pati, nanga manambala aja ndi a chani?

Funso labwera motere: "Ndimakonda kuonera mavidiyo a ozimitsa moto pa YouTube, makamaka aku America. Moto ukabuka pa wailesi pamamveka munthu akuitana kuti Engine 54, Ladder 4, Rescue 1, Battalion 9, kenako pamabwera magalimoto ambirimbiri pa nyumba imodzi. Kwa ine onse ndi ofiira basi. Amasiyana pati? Manambalawo ndi a chani? Komanso pena ndimamva Tanker pena Tender, kodi ndi chimodzimodzi?"

Zikomo m'bale wanga, funso limeneli ndimalikonda kwambiri chifukwa ndagwirako ntchito mbali zonse ziwiri, pa moto penipeni komanso m'chipinda cholandirira mafoni ndi kutumiza magalimoto, nde ndikudziwa kuti mayinawa sanangoikidwa kuti azimveka bwino pa wailesi ayi. Dzina lililonse likunena ntchito. Munthu wa ku ofesi akati Engine 54 sakufotokoza maonekedwe a galimoto, akuuza bwana yemwe ali pamotopo kuti madzi, pampu ndi mapayipi zikubwera, ndi anthu odziwa kuzigwiritsa ntchito. Akati Ladder 4 akuti makwerero ndi anthu othyola zitseko ali m'njira. Bwana uja sanaione galimotoyo, mwina ikadali makilomita atatu, koma wayamba kale kuigawira ntchito m'mutu mwake.

Tiyambe ndi Engine chifukwa ndi imene imazimitsa moto weniweniwo. Ena amaitchula kuti pumper, ku Britain amangoti pump. Imanyamula zinthu zitatu, pampu, thanki ya madzi ndi mapayipi. Ku America kuli bungwe la NFPA lomwe limalemba miyezo ya zida za moto, ndipo muyezo wawo umati galimoto kuti itchedwe pumper pampu yake izitha kuponya magaloni osachepera 750 pa mphindi, omwe ndi malita cha m'ma 2,800, ndipo thanki isachepere magaloni 300, malita 1,100 ndi kanthu. Zambiri zomwe mumaziona m'mavidiyomo zili ndi pampu ya magaloni 1,500 pa mphindi ndi thanki ya magaloni 500 kapena 750.

Apa mpamene anthu ambiri amadabwa. Amaganiza kuti chigalimoto chonse chija ndi madzi okhaokha. Ayi ndithu. Werengani nokha, thanki ya magaloni 500 ija ndi malita 1,900, payipi imodzi yolowa nayo m'nyumba ikutulutsa malita pafupifupi 570 pa mphindi, nde kuti mphindi zitatu ndi pang'ono madzi atha. Ine tsiku loyamba kugwira payipi pa maphunziro aphunzitsi anachita dala osatilumikiza ku mpope wa mumsewu, anangoti tsegulani, ife nkutsegula, payipi ili gwa ngati mtengo anthu awiri tikulimbana nayo kuti isatikankhire m'mbuyo, posakhalitsa ndinangomva yayamba kufewa m'manjamu, madzi akutuluka modukizadukiza ndi mpweya, kenako ziii. Motowo unali usanazime nkomwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake Engine yachiwiri imatumizidwa nthawi yomweyo, ntchito yake nthawi zambiri ndi kupeza mpope wa ozimitsa moto mumsewu, uja amati hydrant, nkukokera payipi yaikulu kudyetsa Engine yoyamba madzi a m'thanki asanathe. Nde mukaona ma Engine atatu pa nyumba imodzi musati akuononga mafuta, imodzi ikumenya moto, ina ikubweretsa madzi, yachitatu yakoka payipi ina yoteteza anzawo omwe alowa mkati kapena nyumba yoyandikana nayo.

Tsopano Ladder. Ku New York amati Ladder, ku Los Angeles ndi ku Chicago amati Truck, ndi chinthu chimodzi. Ndipo ichi chimasokoneza chifukwa munthu wamba galimoto iliyonse yozimitsa moto amaitcha truck, koma wozimitsa moto waku America akati truck akunena ya makwerero yokha basi. Pamwamba pake pali makwerero achitsulo otambasuka ndi mphamvu ya hayidiroliki, ambiri amafika mafiti 100, mamita 30. Ndipo zambiri mwa izi zilibe madzi olo dontho, zilibe pampu. Anthu ake ntchito yawo ndi ina, kuthyola chitseko kuti a payipi alowe, kufufuza anthu m'zipinda mu utsi, kuboola denga kapena kuswa mawindo kuti utsi ndi kutentha zituluke, kuimika makwerero a pamanja pa mawindo kuti aliyense wotsekeredwa apeze potulukira. Chitsulo chomwe mumaona atanyamula, cha mphanda mbali ina ndi nsonga yokhota mbali inayo, dzina lake ndi Halligan, anachipanga ndi Hugh Halligan wa ozimitsa moto aku New York mu 1948 ndipo mpaka lero chikugwirabe ntchito pafupifupi kulikonse.

Mamita 30 amamveka ambiri koma galimoto siima mogundana ndi khoma, pali msewu, pali magalimoto a anthu oimikidwa, pali mawaya a magetsi, nde makwerero amapita chopendekera ndipo zikatero mwina mufika nsanjika ya 7 kapena ya 8 basi. Komanso isanadzutse makwerero imayenera kutulutsa miyendo yachitsulo m'mbali zonse nkuiponda pansi mpaka matayala atapepukidwa, apo ayi igubuduka. Miyendo imeneyo imafuna malo. Nchifukwa chake dalaivala wa Engine wophunzira bwino akafika pa nyumba yoyaka saima pakhomo penipeni, amapitirira pang'ono nkusiya kumaso kwa nyumba kuti kuime Ladder. Payipi mutha kuilumikiza ina nkutalika, makwerero simungawaonjezere. Ndinaonapo izi zitalakwika, dalaivala wachinyamata mtima uli m'mwamba anaima pakhomo, mapayipi atatsitsidwa kale ndipo madzi akuyenda, Ladder kufika nkupeza malo palibe, ndipo galimoto yoti ikupopa madzi anthu ali mkati simungaisunthe. Makwerero anaperewera mamita awiri okha kufika pa denga. Palibe anavulala koma denga linachedwa kuboola ndipo nyumba inapsa kuposa mmene ikanapsera.

Za makwererozi zilinso mitundumitundu. Pali ya makwerero okhaokha. Pali Tower Ladder kapena Platform yomwe ili ndi kabasiketi kunsonga koimamo anthu awiri kapena atatu, iyi ndi yabwino kwambiri potsitsa nkhalamba kapena wodwala yemwe sangatsike yekha makwerero, komanso imathira madzi ambiri kuchokera pamwamba. Pali ya mkono wopindika ngati chigongono, ku Chicago anaiyamba mu 1958 nkuitcha Snorkel. Ndiye pali ija yaitali ngati thiraki ya ngolo yokhala ndi madalaivala awiri, wina kutsogolo wina wakhala m'kachipinda kumbuyo akuongolera matayala a m'mbuyo, imeneyo ndi Tiller. Mukaiona mungaganize kuti singakhote, chonsecho ndi imene imakhota bwino kuposa zonse m'timisewu topanikiza, nchifukwa chake mizinda ngati San Francisco ndi Los Angeles imazikondabe.

Nanga ikakhala ndi zonse, pampu, thanki, mapayipi, makwerero a pamanja ndi makwerero aatali pamwamba? Imeneyo ndi Quint, kutanthauza ntchito zisanu. Mzinda wa St. Louis mu 1987 unachita kusintha magalimoto ake ambiri kukhala ma Quint. Ine maganizo anga pa Quint ndi akuti galimotoyo ingathe ntchito zisanu inde koma anthu anayi omwe akweramo sangagwire ntchito ya Engine ndi ya Ladder nthawi imodzi, akafika amayenera kusankha imodzi. Nde wotumiza akawerenga Quint imodzi ngati magalimoto awiri ndiye kuti wamunamiza bwana wa pamoto uja, anthu achepa. Kwa tauni yaing'ono yomwe singakwanitse kugula ziwiri ndi yothandiza, zimenezo sindikana.

Mayina ovuta kwambiri ndi Rescue ndi Squad, chifukwa awa amasintha tanthauzo mukangosintha mzinda. Ku New York Rescue ndi chigalimoto chonga bokosi chodzaza ndi zida, zodulira zitsulo za galimoto ya ngozi, zonyamulira zinthu zolemera, zingwe, zida zolowera pansi pa madzi, ndipo zilipo zisanu zokha mzinda wonse, Rescue 1 ku Manhattan yomwe inayamba mu 1915, Rescue 2 ku Brooklyn, 3 ku Bronx, 4 ku Queens, 5 ku Staten Island. Koma ku madera ena, ngati mbali zambiri za Florida, mukamva Rescue ndi ambulansi. Squad ku New York ndi Engine yomwe yaonjezeredwa zida zopulumutsira ndipo anthu ake anaphunzira zapadera, ku Chicago Squad ndi gulu la zopulumutsa zikuluzikulu, pomwe ku Los Angeles County Squad ndi kagalimoto kakang'ono kokwera anthu awiri a chithandizo cha mankhwala. Dzina limodzi, zinthu zitatu. Nde musanamasulire dzina lililonse yambani mwadziwa kuti vidiyoyo ndi yakuti.

Battalion ija si galimoto yozimitsa moto, ndi bwana. Battalion Chief amayang'anira masiteshoni angapo, amayenda pa galimoto yaing'ono yokhala ndi mawailesi ndi mapu, akafika ndi amene amalamula zonse.

Za Tanker ndi Tender mwafunsazi zili ndi mbiri yake ndipo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Galimoto yake ndi yonyamula madzi kupititsa komwe kulibe mipope ya mumsewu, yochepetsetsa imanyamula magaloni 1,000, zambiri 2,000 mpaka 3,000, omwe ndi malita 7,500 mpaka 11,000. Ikafika amayala thanki yopinda ngati dziwe pansi, iyo nkukhuthuliramo madzi onse mwamsanga nkuthamanga kukatunga ena, Engine nkumayamwa m'dziwemo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, nde mukunena matani 10 akugavira kumbuyo kwa dalaivala, ndipo olo muthankimo muli zotchinga zochepetsa kugavirako, magalimoto amenewa ndi amene amagubuduka kawirikawiri pa kona akathamangitsidwa. Kum'mawa kwa America amaitcha Tanker. Kumadzulo komwe kumabuka moto wa m'nkhalango chaka ndi chaka, Tanker ndi ndege yothira madzi kapena mankhwala ofiira aja kuchokera m'mwamba, ndipo galimoto ya madzi ndi Water Tender. Tangoganizani munthu ali pakati pa moto akupempha Tanker kutanthauza galimoto, winayo nkumva ndege.

Chisokonezo chotere chinaonekera poyera mu 1970 ku California, moto unayaka masiku 13, anthu 16 anamwalira, nyumba pafupifupi 700 zinapsa, ndipo atafufuza anapeza kuti vuto lalikulu silinali kuchepa kwa zida koma kuti magulu osiyanasiyana omwe anabwera kudzathandizana sankamvana, aliyense mayina ake, aliyense wailesi yake. Mpamene anayambitsa pulogalamu ya FIRESCOPE yomwe inabala ndondomeko ya ICS, yoyendetsera ntchito magulu ambiri akakumana pa ngozi imodzi, ndipo mu 2004 boma la America linaiika m'ndondomeko ya dziko lonse yotchedwa NIMS. Mmenemo anagwirizana kuti Tender ndi galimoto, Tanker ndi ndege. Koma chizolowezi sichitha msanga, masiteshoni ambiri a kum'mawa mpaka lero pa chitseko cha galimoto analemba Tanker. Ndipo mukatuluka mu America zimasinthanso, ku Australia tanker ndi galimoto yolimbana ndi moto wa m'tchire, pomwe ku Britain kwa zaka zambiri water tender inali galimoto wamba yozimitsa moto, ija aku America amati Engine.

Mu ndondomeko yomweyo ma Engine anawagawa Type 1 mpaka Type 7. Type 1 ndi 2 ndi za moto wa nyumba m'tauni, Type 3 mpaka 7 ndi za m'tchire. Type 3 imanyamula magaloni osachepera 500 ndipo imakwera mapiri, Type 6 ndi kapikapu kolimba kokhala ndi magaloni 150 kupita m'mwamba, pa wailesi kamatchedwa Brush. Ubwino wa za m'tchirezi ndi woti zambiri zimatha kuthira madzi zikuyenda, pomwe Engine ya m'tauni imayenera kuima kaye chifukwa injini yomwe imayendetsa matayala ndi yomweyo imatembenuzidwa kuti izungulitse pampu.

Za pa bwalo la ndege ndingodutsapo mwachangu, ndi zija zikuluzikulu za matayala 6 kapena 8 monga Oshkosh Striker ndi Rosenbauer Panther, pa wailesi pena amati Crash pena ARFF. Zimanyamula madzi oposa malita 10,000 ndi mankhwala a thovu chifukwa mafuta a ndege sazima ndi madzi okha, zimathira zisanaime nkomwe dalaivala ali mkati, ndipo malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse lapansi, amati zifike pena paliponse pa msewu wa ndege pasanathe mphindi zitatu. Marine ndi boti, Hazmat ndi ya mankhwala oopsa.

Tsopano manambala. Malo ambiri nambala ndi ya siteshoni, Engine 12, Truck 12 ndi Medic 12, yomwe ndi ya chithandizo cha mankhwala, onse amagona pa siteshoni 12, zophweka. Koma New York siitero, nambala ndi ya gulu osati ya nyumba, nchifukwa chake Engine 54, Ladder 4 ndi Battalion 9 omwe mwawatchula aja amakhala nyumba imodzi ku Midtown Manhattan olo manambala awo sakufanana. Ku Los Angeles mukamva Engine ya nambala ya m'ma 200, monga Engine 210, ndi Engine yachiwiri ya siteshoni 10 yomwe imayenda limodzi ndi Truck, ziwirizo pamodzi amazitcha Light Force, ikaonjezekera Engine inayo zimakhala Task Force. M'madera momwe matauni ambiri amagwiritsa ntchito ofesi imodzi yotumiza amaika manambala atatu kapena anayi, oyamba akunena tauni, otsatira siteshoni kapena mtundu wa galimoto, kuti pasakhale ma Engine 1 khumi pa wailesi imodzi.

Ku London anachita mwina ndipo ine ndimaikonda njira yawo chifukwa ndi yachidule. Siteshoni iliyonse ili ndi chilembo ndi nambala, ya ku Soho ndi A24. Ndiye nambala yomaliza ikunena galimoto, A241 ndi pump ladder yomwe imanyamula makwerero a pamanja a mamita 13.5, A242 ndi pump ya makwerero a mamita 9, A243 ndi ya makwerero aatali ozungulira. Bwana akafuna thandizo sanena kuti second alarm ngati mmene amaitanira gulu loonjezera ku America, amati make pumps 10, kutanthauza kuti ma pump onse pamotopo akwane 10. Pa moto wa Grenfell Tower pa 14 June 2017, nyumba ya nsanjika 24 momwe munafa anthu 72, zinafika pa make pumps 40. Usiku umenewo galimoto ya makwerero aatali siinali pa mndandanda wa zoyamba kutumizidwa ku nyumba zitalizitali, inachita kupemphedwa pambuyo ndipo inafika patadutsa mphindi zoposa 30 chiimbireni foni yoyamba. Pambuyo pake London inasintha mndandandawo kuti ya makwerero izinyamuka pa foni yoyamba, ndipo inagulanso makwerero atatu a mamita 64. Nde mndandanda uja, womwe umaoneka ngati nkhani ya mapepala ya mu ofesi, ndi umene umanena kuti ndani afika pa mphindi zoyambirira.

Aku Germany dzina la galimoto limanena ndi mphamvu yake yomwe. LF 20 ndi yozimitsa moto ya pampu ya malita 2,000 pa mphindi, HLF ndi yomweyo koma yaonjezeredwa zida zopulumutsira pa ngozi, TLF ndi ya thanki yaikulu, ELW ndi ya bwana, ndipo DLK 23/12 ndi makwerero a basiketi omwe amafika mamita 23 m'mwamba galimoto itaima mamita 12 kuchokera pa khoma. Onani kuti iwo anaika mtunda wa pansi uja m'dzina momwemo, vuto lija ndimanena la kupendekera. Pa wailesi amayamba ndi mawu oti Florian kenako dzina la dera ndi manambala, Florian ndi woyera mtima yemwe amatengedwa ngati nkhoswe ya ozimitsa moto.

Mawu oti box ndi alarm omwe mumawamva ku America anachokera kalekale. Mu 1852 mzinda wa Boston unaika timabokosi ta telegalafu m'misewu, munthu akaona moto amazungulitsa kachitsulo ndipo nambala ya bokosilo imalira ku ofesi, pambuyo pake bokosi lililonse linadzakhala ndi khadi lolembedwa kuti kupite ndani koyamba, ndani kachiwiri. Lero ndi kompyuta yomwe imasunga makhadi amenewo ndipo malo ambiri imaonanso pa GPS kuti galimoto yapafupi ndi iti, koma maganizo ake ndi omwewo. First alarm ndi gulu loyamba, second alarm ndi gulu lina loonjezera, choncho choncho, ndipo kukula kwa gululo mzinda uliwonse umaika wokha, nde three alarm fire ya tauni yaing'ono ndi ya mzinda waukulu sizifanana.

Kompyutayo imasankha malinga ndi zomwe woimba foni wanena, ichi ndikufuna muchisunge. Mukaimba nkungoti kuno kwabuka moto mukhoza kulandira Engine imodzi. Mukati ndi nyumba ya nsanjika zinayi, utsi ukutuluka pa yachitatu ndipo pali anthu pa windo, Ladder ndi Rescue zinyamuka nthawi yomweyo. Wolandira foni akamakufunsani mafunso ambiri musamupsere mtima, nthawi zambiri magalimoto oyamba amakhala atanyamuka kale inu mukuyankhabe, iyeyo akufuna adziwe choti aonjezere.

Chinanso choti mukaone m'mavidiyo aku New York aja. Mukamva woyamba kufika akunena kuti 10-75 ndiye kuti wapeza moto weniweni ukuyaka, ndipo ofesi imaonjezera Engine, Ladder, Rescue, Squad ndi mabwana ena. Mwa ma Ladder amenewo imodzi amaitcha FAST truck, malo ena amati RIT. Anthu ake amatsika, kuvala zonse, mabotolo a mpweya kumsana, zingwe, macheka ndi botolo lina lapadera lili pansi pafupi ndi mapazi awo, kenako amaima pafupi ndi bwana osalowa. Anthu oonera amakalipa mu makomenti kuti awa angoima bwanji nyumba ikupsa. Iwowo akumvetsera wailesi ndi kuloweza mawindo ndi zitseko zonse za nyumbayo, kudikira mawu amodzi okha, Mayday, omwe amatanthauza kuti mnzawo wagwa, wasochera mu utsi kapena mpweya wamuthera mkatimo.